Alamu Imene Inavinitsa Amayi a ku Uliwa

Nyumba imene boma linatipatsa titafika ku Uliwa inali yaikulu kuposa ife. Ine ndinali namwino wochokera ku Dedza, ndipo ananditumiza ku kachipatala ka kumeneko. Amuna anga anali mlangizi pa sikimu ya mpunga imene inali chapafupi. Zinali zaka za m'ma 1980, nthawi ya chipani chimodzi, ndipo tinali ndi mwana wamkazi woyamwa. Katundu wathu yense anangodzaza chipinda chimodzi, zipinda zinazo n'kumangolira mphepo.

Kale m'nyumbamo munkakhala mzungu wina woyang'anira ngalande za sikimu. Iye atabwerera kwawo, akuluakulu ankaikana nyumbayo chifukwa inali kutali ndi ofesi, kufupi ndi msewu waukulu, ndiye inagwera ife. Mzunguyo anasiyamo chinthu chimene ine ndinali ndisanachionepo chibadwire: alamu ya akuba. Pakhoma la m'kolido panali bokosi lachitsulo lokhala ndi kagetsi kobiriwira. Kuchokera m'bokosimo, timawaya tinkayenda m'mbali mwa khoma kupita pa zenera lililonse ndi pa zitseko. Panja, pansi pa denga, panali saireni yooneka ngati lipenga, utoto wake utasuluka ndi dzuwa. Pafupi ndi chitseko panali pokhoma ndi kakiyi. Ukakhoma, aliyense wotsegula zenera kapena chitseko ankaidzutsa.

Tsiku lotipatsa makiyi, bwana wa sikimu analoza bokosilo ndi chala.

"Ichi ndi chuma cha boma," anatero. "Musachotse, musadule waya. Chikawonongeka, ofunsidwa ndinu."

Masiku amenewo mawu otere sitinkawatenga mwachibwana. Komanso amuna anga anaikonda alamuyo tsiku lomwelo. Akamachoka m'mawa ankakhoma kakiyi kaja mwaulemu ngati akutseka banki, chonsecho chodula m'nyumbamo chinali wailesi basi.

Magetsi ankachokera ku jenereta ya sikimu, imene ankailiza kukayamba kuda n'kuizimitsa anthu akamagona. Nthawi imeneyo kagetsi kobiriwira kankayaka, kusonyeza kuti batire la m'bokosi likudya. Usana wonse alamu inkadalira batirelo. Miyezi yoyambirira zonse zinali bwino, moti tinaiwala n'kuiwala kuti tili ndi mlonda wachitsulo.

Inayamba kuvuta nyengo yozizira itatha, dzuwa la ku Karonga litayamba kuwotcha mwa nkhanza zake. Tsiku lina chakumadzulo ndinali kusambitsa mwana kuseri kwa nyumba. Ndinali ndisanatsegule chitseko, chifukwa ndinangochokera kukamutenga kwa oyandikana nawo amene ankandisungira ndikakhala ku ntchito. Mwadzidzidzi denga linangolira. Mwana analumpha m'beseni n'kuyamba kukuwa, nkhuku zinabalalika.

Woyamba kufika anali mayi aja ondisungira mwana. Anali mayi wamtali wa Chitumbuka, wogulitsa usipa umene ankakagula kwa asodzi ku Sangilo. Anatulukira pakona akuthamanga, munsi uli m'manja.

"Ŵankhungu ŵali nkhu?" anafuula. Kenako anakumbukira kuti Chitumbuka changa chinali chikadali chokwawa. "Anesi, akuba ali kuti?"

Tinazungulira nyumba yonse, iwo patsogolo ndi munsi, ine pambuyo ndi mwana wonyowa. Mazenera onse anali otseka. Saireni inalira, n'kulira, kenako mawu ake anayamba kutsika, n'kusasa ngati mbuzi yachimfine, mpaka inangoti zii yokha.

Mawa lake inachitanso chimodzimodzi. Mkuja wake inachitanso. Anthu anasiya kubwera ndi minsi ndi zikwanje, anangoyamba kuseka. Ku chipatala odwala ankandilonjera kuti, "Monire anesi, kodi mlonda wanu wadzuka bwanji?" Mkulu wina pa golosale anati alamuyo ndi tambala wa anesi. Anzake anamutsina msanga, chifukwa tambala chinali chizindikiro cha chipani, ndipo sankaseweretsedwa pakamwa. Mkuluyo anameza mawu ake n'kugula machesi amene sankawafuna.

Amuna anga poyamba ankaganiza kuti ndi mphepo ya kunyanja imene ikugwedeza mazenera. Anapinda timapepala n'kutsekera m'mipata yonse, anamanga zogwirira ndi mphira wa chubu cha njinga. Nyumba inasanduka uvuni, koma alamu sinasiye. Kenako anati mwina ndi makoswe akudya mawaya. Anakwera kudenga ndi tochi, n'kutsika ali mbuu ndi fumbi, osapeza waya woduka ngakhale mmodzi.

Chimene tinazindikira pokambirana pa chakudya n'chakuti nthawi yolira inkasuntha. Poyamba inkalira dzuwa litapendeka, kenako masana, ndipo tsopano inkalira ana asanaweruke kusukulu.

"Abambo," ndinatero, "wakuba ameneyu bwanji akufulumira tsiku ndi tsiku?"

Anandiyang'ana, supuni ili m'malere. "Ndiye kuti chikutopa msanga," anatero. "Chimadya usiku, n'kumagwira ntchito usana. Mphamvu zikatha chimalira. Amayi, vuto lili m'bokosi."

Koma bokosi linali la boma, ndipo kiyi wake anapita ndi mzungu. Amuna anga anapita kwa bwana wa sikimu kukapempha kuti atumize wokonza. Bwanayo anati wokonza ali ku Mzuzu ndipo adzabwera akadzabwera. Atafunsa ngati tingatsegule tokha, anayankha kuti, "Kutsegula si kuchotsa." Tinatenga mawuwo ngati chilolezo.

Loweruka m'mawa kunabwera amuna a mayi a usipa aja. Iwo anali dalaivala wa lole ya sikimu, munthu wamfupi wosekaseka, amene Chichewa chake chinkasakanikirana ndi Chitumbuka ndi Chiswahili cha m'misewu. Anabwera ndi sikuludiraiva ndi sipanala. Anamasula timisomali ta m'mbali, chitseko cha bokosi chinagwera m'manja mwawo, ndipo tonse tinasuzumira.

M'katimo munali batire lakuda, laling'ono kuposa la lole, ndi kabokosi kena kokhala ndi timabowo tampweya. Kameneko ndiye kanali tchaja. Mitu iwiri ya batire inali itamera ufa woyera wosakanikirana ndi wobiriwira, ngati nkhungu ya pa chinangwa chonyika.

"Yayi, yayi," anatero adalaivala akupukusa mutu. "Moto ungadutse bwanji apa? Tiyeni tione madzi."

Anatsegula tizivundikiro ta pamwamba n'kuunika ndi tochi. M'zipinda zonse za batire madzi anali atatsika, timbale ta m'kati tili pamtunda, touma. Kutentha kwa ku Uliwa kunali kutamwa madziwo pang'onopang'ono kwa zaka, popanda wowonjezera.

Adalaivala anati titunge a pa mjigo, poti iwo ku lole amathira omwewo akapanikizika. Amuna anga anakana. Anati madzi a pa mjigo wathu ali ndi kamchere, ndipo batire limafuna a mvula. Anakanganapo kanthawi, aliyense akuloza kumwamba, kumene kunalibe ndi kamtambo komwe. Mvula inali kutali.

Pamenepo ndinakumbukira zimene tinaphunzira ku sukulu ya unamwino. Ndinateleka madzi m'poto, n'kuika chivundikiro chopendekera kuti nthunzi ikazizira izidonthera m'kapu. Inali ntchito yofuna mtima wautali. Ndinakhala pa moto m'mawa wonse, thukuta lili kamukamu, mayi a usipa akundiseka kuti anthu a ku Dedza amaphika madzi opanda ndiwo. Kapu itadzaza ndinatenga sirinji yopanda singano imene ndinkamwetsera mwana mankhwala, n'kuthira m'chipinda chilichonse mpaka timbale tinamira.

Mitu ya batire tinaitsuka ndi soda wophikira therere wosungunula m'madzi otentha. Ufa uja unatulutsa thovu n'kumachita phokoso ngati nyama pa mafuta. Amuna anga anapala mituyo ndi mpeni wakale mpaka inawala, adalaivala anamangitsa mawaya ndi sipanala, ine ndinapakapo vasilini. Pogwira ntchitoyo timadontho ta asidi tinagwera pa buluku la amuna anga, lija lopitira ku tchalitchi, limene anavala chifukwa lina linali pa chingwe. Tsikulo sipanaoneke kanthu. Nditalichapa, ntchafu yonse inali timabowo ngati sefa.

Komabe alamu inakhala chete. Sabata inatha, ina inatha. Odwala anasiya kufunsa za mlonda wanga, ndipo amuna anga ankayenda chifuwa chili patsogolo.

Kenako kunamveka uthenga wakuti nduna idutsa pa Uliwa popita ku boma la Karonga. Masiku amenewo nduna ikamadutsa, masitolo ankatsekedwa, ana asukulu ankandandalika m'mbali mwa msewu, ndipo amayi tonse tinkavala nsalu za chipani n'kukavina. Ine monga wantchito wa boma sindikanatsala. Tinasonkhana m'mawa pa malo amalonda, tinaimba, tinayeserera magule, nduna osaoneka. Dzuwa litafika pa liwombo, tinathawira pansi pa mitengo ya mango. Oimba ng'oma anagona pa ng'oma zawo. Ana ankakupiza mphepo ndi timbendera tawo.

Ndiye kunamveka saireni chakumwera, kuseri kwa pokhota msewu.

"Ŵafika! Ŵafika!" anafuula wina.

Sindinaonepo anthu akudzuka msanga chotero. Ng'oma zinalira, nthungululu zinang'amba mpweya, amayi anathamangira mumsewu akumangirira nsalu m'chiuno. Atcheya a chipani a dera lathu, bambo wonenepa wolima chinangwa, anavala jekete lawo chothamanga n'kuima kutsogolo, manja ali okonzeka kuwomba. Aphunzitsi anakuwira ana kuti aimike mbendera.

Ine ndinasiya kuvina. Mawu amenewo ndinkawadziwa monga mayi adziwira kulira kwa mwana wake pakati pa ana ena. Nyumba yathu inali kuseri kwa pokhota pomwepo. Mayi a usipa, amene ankavina pambali panga, ananditsina pa nthiti osatembenuka.

"Anesi," ananong'ona, "vinani. Musayime. Vinani chomene."

Ndinavina. Tonse tinavina, maso ali pokhota paja. Saireni inayamba kutsika mawu, n'kusasa. Ndipo pokhotapo panatulukira nkhalamba ina pa njinga, itamanga mkoko wa nthochi pa kaliyala. Itaona khamu lonse likuvina ndi kululutira moyang'ana iyo, inatsika panjinga, n'kuvula chipewa, n'kudutsa pakati pathu ikuweramira uku ndi uku.

Ng'oma zinasiya imodzi imodzi. Palibe anaseka mokweza, poti anyamata a chipani a malaya ofiira anali pomwepo, koma mapewa a amayi ambiri ankagwedezeka, nsalu zili pakamwa. Nduna yeniyeniyo inadutsa dzuwa litapendeka, inatulutsa dzanja pa zenera, ndipo tinaivinira ndi mphamvu zimene zinatsala.

Madzulo amenewo ine ndi amuna anga sitinadye bwino. Anthu ankatengedwa pa zifukwa zochepa kuposa imeneyi. Wina akanangonena kuti tinachita dala kuti tinyoze nduna, nkhani ikanakhala ina. Tinatulutsa makhadi athu a chipani n'kuwaika pa tebulo, kuti asavute kupeza.

M'mawa mwake kunamveka "Odi!" Anali atcheya, ndi anyamata awiri a malaya ofiira pambuyo pawo. Amuna anga anawapatsa mpando, ine ndinagwada kuwalonjera. Anayang'ana makhadi aja pa tebulo, sanawagwire.

"Alangizi," anatero, "chinthu chija chinativinitsa dzulo chili kuti?"

Amuna anga anawatengera m'kolido akufotokoza mofulumira za batire, za madzi ndi za wokonza wa ku Mzuzu. Atcheya anamvetsera nkhope ili gwa. Kenako anati, "Chilizeni ndichimve."

Amuna anga anakhoma kakiyi n'kutsegula zenera. Kunali zii. Anatseka, anatsegulanso. Ngakhale kutsokomola sinatsokomole.

"Dzulo inalira mpaka ku mapiri, lero yaona ine yachita manyazi?" anatero atcheya. Mimba yawo inayamba kugwedezeka, kenako anaphulika kuseka mpaka anagwira khoma. "Mdala wa nthochi uja! Akuti wakafika kwawo akuuza anthu kuti pa Uliwa amulandira ngati mfumu!"

Anyamata aja ataona kuti kuseka n'kololedwa, nawonso anaseka. Ine ndinathamangira kukhitchini kukateleka tiyi.

Akumwa tiyiyo, atcheya ananena chimene anabwerera. Poitana anthu ku msonkhano ankamenya chitsulo cha gudumu la galimoto chopachika pa mtengo, koma amene ali ku minda ya mpunga ankanamizira kuti sanamve. Saireni yathu panalibe akananena kuti sanaimve.

"Ikonzeni," anatero. "Izilira tikaiuza, osati ikafuna yokha."

Tsopano kukonza alamu kunasanduka ntchito ya chipani, ndipo tinaigwira ndi mtima wonse. Jenereta italira madzulo ake, tinaima pa bokosi. Kagetsi kobiriwira sikanayake. Kunena zoona, sitinadziwe kuti kanasiya liti kuyaka, chifukwa chikonzereni batire palibe ankakayang'ananso. Batire linali litakhala masiku likugwira ntchito osadya, mpaka linakomoka pa tsiku la nduna.

Adalaivala anabwera ndi babu laling'ono la lole limene analimangirira mawaya awiri. Chimenecho ndicho chinali choyezera chathu: pamene pali moto babu liyaka, pamene palibe likhala lakuda. Tisanayambe, amuna anga anazula pulagi ya tchaja n'kulowetsa ya wailesi pa soketi yomweyo. Wailesi inaimba. Ndiye kuti khoma linalibe mlandu. Anabwezera pulagi, adalaivala anagunditsa mawaya a babu pa mawaya otuluka mu tchaja. Mdima.

"Moto ukulowa, koma sukutuluka," anatero amuna anga. "Wakuba ali m'kabokosi aka."

Tinazula pulagi n'kudikira kuti kuche, chifukwa ine ndinakana kuti azitsegula zinthu za magetsi ndi tochi ya mabatire otha. M'mawa adalaivala anamasula chivundikiro cha tchaja, n'kubwerera m'mbuyo akuseka. M'katimo munali nalimata wouma gwa, atagona chopingasa pa timawaya tiwiri, mchira uku mutu uku. Analowera pa timabowo tampweya kufuna pofunda, n'kulumikiza pamene sipayenera kulumikizidwa. Pambali pake panali fyuzi, kagalasi kakang'ono ngati kambewu ka nyemba, kali bii m'kati.

"Kulije suzgo," anatero adalaivala, kutanthauza kuti palibe vuto. Anatulutsa paketi ya ndudu m'thumba n'kung'amba kapepala konyezimira ka m'kati. "Tikulunga apa, moto udutsa. Ku lole timatero."

"Ku lole mukaona utsi mumadumpha," ndinatero. "Muno mumagona mwana wanga."

Amuna anga anagwirizana nane. Anati fyuzi inafa kuti nyumba isapse, ndiye tisaikepo chinthu chosadziwa kufa. Adalaivala anakweza mapewa n'kubweza kapepala kawo, osakwiya.

Wokonza mawailesi wa pa Uliwa analibe fyuzi yotero. Anatithandiza ndi mayi a usipa. Sabata imeneyo ankapita ndi nsomba ku msika wa ku boma, kumene amalonda ochokera ku Tanzania ankayala tizinthu tamitundumitundu. Anamanga fyuzi yakufayo pa mfundo ya chitenje, ndipo pobwera anamasula mfundo yomweyo n'kukhuthulira m'dzanja langa mafyuzi angapo, onse akununkha usipa. Tinasankha imene nambala ya pa kachitsulo kake inafanana ndi yakale. Ine ndinadula kansalu ka neti yakale ya udzudzu n'kumata pa timabowo tampweya, kuti abale a nalimata asadzabwere kudzalira maliro m'momwemo.

Jenereta italira, kagetsi kobiriwira kanayaka. Babu la adalaivala nalonso linayaka pa mawaya a tchaja. Tinawomba m'manja ngati ana, mwana wanga nayenso n'kumawomba osadziwa chifukwa.

Chimwemwecho sichinakhalitse. Patapita masiku ochepa m'kolido munayamba kununkha mazira owola. Ndinayang'ana thewera la mwana, linali loyera. Amuna anga anafunsa mwaulemu ngati aneba anaiwala nsomba m'nyumba mwathu. Tinanunkhiza chipinda ndi chipinda, ndipo mphuno zinatifikitsa pa bokosi. Batire linali lofunda ngati mwana wamalungo, ndipo m'mbali mwake munali mutatupa.

Tinazula pulagi, tinatsegula mazenera onse, tinaitana adalaivala. Fungo litachepa anati tibwezere pulagi pang'ono kuti aone. Anatsegula tizivundikiro n'kuunika chapatali, nkhope ataipotolera kumbali. M'zipinda zina zonse madzi ankabwata, koma m'chipinda chimodzi anali phee ngati a m'chitsime.

"Ichi chafa," anatero akuloza chipinda chodekhacho. "Chakudya chake akudya anzake, ndiye chikuwakwana mopitirira, akubwata."

Pofuna kutsimikiza, m'mawa mwake amuna anga anagunditsa babu lija pa mitu ya batire. Linayaka bwino, kenako tikuyang'ana linayamba kufiira, n'kuzilala, mpaka linatsala ngati khala la moto wa dzulo. Madzi anga a nthunzi anali atalithandiza kwa kanthawi, koma batirelo linali lokalamba, ndipo kukomoka kwa pa tsiku la nduna kunalimaliza.

Amuna anga anapitanso kwa bwana wa sikimu kukapempha batire latsopano. Anauzidwa kuti alembe kalata, ndipo yankho lidzachokera ku likulu. Pobwerera anakumana ndi atcheya pa njira.

"Alangizi, saireni yanga ili pati?"

"Atcheya, tchaja takonza, koma batire lafa. Tikudikira yankho la ku likulu."

"Likulu?" anatero atcheya. Anatembenuza njinga yawo n'kulunjika ku ofesi ya sikimu.

Zimene anakambirana kumeneko sindikuzidziwa. Chimene ndinaona n'chakuti sabata isanathe, lole inaima pakhomo pathu, ndipo adalaivala anatsika atanyamula batire latsopano pa phewa, akuimba. Linali lalikulu moti m'bokosi silinakwane. Tinaliika pansi pa thabwa, pafupi ndi zenera kuti lizipuma, ndipo amuna anga analikhomera kampanda ka matabwa kuti mwana, amene anali atayamba kukwawa, asalifikire. Adalaivala anawonjezera mawaya. Polumikiza anabwereza kangapo kuti waya wofiira apite pa mutu wokhala ndi chizindikiro cha mtanda, ndipo anandiuza kuti ndiyang'anitsitse ngati mboni.

Tinalisiya lidye madzulo awiri, kenako tinaitana atcheya. Amuna anga anakhoma kakiyi, atcheya anakankha zenera ndi dzanja lawo. Saireni inalira ndi mawu amene sitinawamvepo, akuthwa, osanjenjemera. Agalu a mudzi wonse anayankha. Atcheya anaima pakhonde manja ali m'chiuno, akumwetulira ngati agula galimoto.

Kuyambira pamenepo alamu sinalirenso yokha. Mwezi ukatha ndinkatsegula tizivundikiro kuona madzi, ndipo mvula itayamba ndinkatchera beseni pabwalo n'kusunga madzi ake m'botolo. Amuna anga ankayang'ana kagetsi kobiriwira madzulo aliwonse asanavule nsapato. Kukakhala msonkhano, atcheya ankatuma uthenga, ife n'kutsegula zenera kwa kanthawi. Anthu a ku minda anataya chonamizira chawo, ndipo ena ankandiyang'ana ndi diso lodandaula pa mjigo.

Tsiku lina m'nyengo yokolola mpunga, ndili ku chipatala kuyeza ana sikelo, ndinamva saireni. Kunalibe uthenga wa msonkhano. Amuna anga anali ku minda, mwana anali kwa aneba, nyumba inali yokhoma. Ndinasiyira mnzanga sikelo n'kuliyatsa liwiro, kachipewa ka unamwino kali m'manja.

M'njira ndinapitirira anthu ambiri, onse akulowera ku mtengo wa misonkhano. Palibe ankathamanga. Abambo ankayenda akumanga mabatani a malaya, amayi atanyamula timipando, ena akufufuza makhadi m'matumba.

"Anesi, msonkhano wa lero ngwa chiyani?" anandifunsa mayi wina.

"Si msonkhano! Akuba!" ndinakuwa osaima.

Mawuwo anayenda msanga kuposa ine. Pofika pakhomo, khamu lonse linali pambuyo panga, timipando tasanduka zida. Mayi a usipa anali kale kuseri kwa nyumba, mwana wanga ali kumsana, koma sankamenya munthu. Anali atakhala pansi, akuseka mpaka misozi.

Pa zenera la khitchini panali ng'ombe yaikazi yofiira. Inali itakankha zenera ndi mphuno, n'kulowetsa mutu kufuna nthochi zimene ndinasiya pa tebulo. Saireni italira inafuna kuthawa, koma nyanga zinakola pa felemu. Ndiye inangoima pomwepo, thupi panja mutu m'khitchini, ndipo poti kuthawa kunakanika, inapitiriza kudya nthochi.

Ndinatsegula chitseko n'kuzimitsa alamu. Abambo anayi analimbana ndi ng'ombeyo, wina akupotoza nyanga m'kati, ena akukoka mchira panja, mpaka inatuluka pamodzi ndi theka la felemu. Amuna anga anafika ali matope mpaka m'mawondo. Atamva nkhani yonse sanayang'ane n'komwe zenera losweka.

"Mwaona?" ankauza aliyense. "Yagwira! Yagwira wakuba!"

Omaliza kufika anali atcheya, akupalasa njinga mwaukali, kufuna kudziwa amene waitanitsa msonkhano iwo osadziwa. Anthu anawalozera ng'ombe, imene inali itaima pansi pa mtengo, felemu ili m'khosi ngati mkanda. Anaiyang'ana, anayang'ana khamu la anthu ndi timipando tawo.

"Poti mwabwera kale," anatero, "khalani pansi."

Msonkhano unachitikira pabwalo pathu pomwepo, ndipo mutu wake unali wakuti eni ng'ombe azimanga ziweto zawo nthawi yokolola. Mwini ng'ombe yofiirayo, bambo wofatsa wa kumtunda, anaimirira n'kupepesa pamaso pa onse.

Mawa lake anabwera ndi matabwa n'kukonza zenera yekha. Mkazi wake anamutsatira atasenza chipanda cha chambiko, mkaka wowawasa uja anthu a kumeneko amaukonda. Ine ndinali ndisanaulawepo, ndipo ndinkauopa. Mayiwo anakhala pa mkeka n'kunena kuti sachoka mpaka aone ndamwa, chifukwa mkakawo unali wa ng'ombe yomwe ija. Ndinamwa kapu imodzi nditatsinzina, kenako ndinapempha yachiwiri.